Galu Wathu Funsani ndi Mbale ya Mnansi

Pakati pa zoweta zonse za pamudzi, galu ndiye amene timpatsa nchito zambiri ndi ulemu wocepa. Usiku alonda khola ndi nkhokwe, m'mawa aperekeza anyamata kubusa, m'cirimwe atsogolera osaka m'chire. Koma akayandikira pamene anthu ali kudya, cimene alandira ndi cikuni pamsana. Makolo athu sanalakwe pamenepa, pakuti galu apita pena paliponse ndipo mphuno yake ikhudza zonyansa zambiri. Komabe ine ndifuna kusimbira awerengi za galu amene ndinamphunzitsa dala kununkhiza cakudya ca anthu, ndi za mlandu umene unabuka pamudzi pathu cifukwa ca iye.

Ine ndi banja langa tikhala kudera la Kanakantapa m'boma la Chongwe, ngakhale kwathu kweni-kweni ndi ku Katete. Kuno, monganso kum'mawa, nshawa ndiyo mafuta a munthu wakumudzi. Mai amene alibe ndalama ya saladi atendera cibwabwa kapena mfutso, ndipo banja lidya nsima mokondwa. Nsinjiro iri m'phala la ana, iri m'futali, iri m'cikanda cimene amai agulitsa pamsika wa Chongwe ndi m'mbali mwa mseu wa Great East Road. Cotero munthu amene thupi lake likana nshawa ali pa vuto lalikulu, cifukwa cimene cingamuphe ndico cimene anthu onse amcereza naco.

Munthu wotere pakhomo panga ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene tsopano ali pa sukulu. Pamene anali ndi caka cimodzi, amake anampatsa phala la nsinjiro, ndipo posakhalitsa thupi lonse linabuka zidzolo zoyabwa, zimene zinatha zokha tsiku lomwelo. Patapita miyezi ingapo ananyambita ciponde ca mwana mnzake. Tsikulo milomo ndi zikope zinatupa, anasanza, ndipo mpweya unayamba kulira m'cifuwa ngati mluzu. Tinathamanga naye ku cipatala pa njinga yamoto ya mnansi. Anamwino anambaya jekeseni m'nchafu, ndipo tinaona ndi maso athu mwana alikubwerera kucokera pakhomo pa imfa.

Pambuyo pake adokotala a ku Lusaka anatifotokozera kuti matendawa iwo awacha allergy. Thupi la munthu liri ndi asilikali ake olimbana ndi tizirombo ta matenda. Mwa anthu ena asilikaliwa ayesa cakudya cabwino-bwino ngati mdani, ndipo nkhondo imene autsa ndiyo itupitsa khungu, itseka kukhosi ndi kugwetsa kayendedwe ka magazi. Zizindikilo zioneka patangopita mphindi zocepa, kapena mkati mwa maola awiri. Zakudya zimene zicita zimenezi kawiri-kawiri ndi mazira, mkaka, nshawa, nsomba, soya ndi tirigu. Kuphika kapena kukazinga nshawa sikucotsa ngoziyo, ndipo kanyenyeswa kocepa kakwanira. Mwa ana asanu okana nshawa, pafupifupi mmodzi yekha ndiye aleka kukana akamakula. Kukhosi kukayamba kutseka, mankhwala opulumutsa moyo ndi jekeseni ya adrenaline, ndipo iyenera kubayidwa mwacangu.

Matendawa ndi osowa kumidzi. Ofufuza a ku South Africa analengeza m'caka ca 2019 kuti mwa ana ang'ono 1,000 alionse a mumzinda wa Cape Town, pafupifupi 25 anali okana cakudya cina, pamene kumidzi ya ku Eastern Cape anali 5 okha. Kusowa kwake ndiko kucititsa kuti anthu asakhulupirire. Ena anatiuza kuti mwana anacita kulodzedwa. Ena anati tikumlera mwacizungu. Ena, mwa mtima wabwino ndithu, anati timpatse pang'ono-pang'ono kuti azolowere, osadziwa kuti kucita zimenezi panyumba ndi mwana amene anatupapo kale ndiko kuseweretsa moyo wake. Pano ndicenjeze amai kuti asaope kupatsa makanda awo athanzi phala la nsinjiro yosalala bwino. Kafukufuku wa ku London, wotsogozedwa ndi Gideon Lack ndi kulengezedwa mu 2015, anatsata makanda 640 ndi kupeza kuti amene anayamba kudya nshawa asanakwane caka cimodzi anapewa matendawa koposa amene anamanidwa. Ngozi inatsika ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Mwambo wathu wa phala la nsinjiro ndi wabwino, kupatula kwa mwana amene thupi lake lakana kale.

Pakhomo pathu tinaleka kuphikira nsinjiro, ndipo tinagula mtondo, mthiko ndi miphika yatsopano. Koma kumudzi munthu sadya za m'mphika mwake zokha. Madzulo mbale zidutsana pakati pa nyumba ndi nyumba; pamaliro, paukwati ndi pa cikumbutso cakudya ciphikidwa ndi manja ambiri. Kubweza mbale ya mnansi ndi cipongwe, ndipo kufunsa zimene waikamo ndi monga kumnena kuti ndi wothira mankhwala. Apa ndi pamene panali nkhawa yathu ya tsiku ndi tsiku.

Nzeru ya galu inabwera ndi mwana wa mlongo wanga amene agwira nchito kumalo ogona alendo ku Mfuwe. Iye anatisimbira kuti kuyambira 2014 bungwe la Conservation South Luangwa, mothandizana ndi la Working Dogs for Conservation la ku America, linayamba kugwiritsa nchito agalu ofufuza minyanga ya njobvu, nyama ya m'chire, mfuti ndi zipolopolo m'magalimoto ndi m'katundu wa apaulendo. Mu 2016 bungwe la Conservation Lower Zambezi linayambitsanso gulu lake la agalu otere cakumunsi kuno, kumene mtsinje wathu wa Chongwe uthirira mu Zambezi. Cimene cinandigwira mtima ndi cakuti a Working Dogs for Conservation atenga agalu awo ambiri kumalo osungirako agalu otayidwa. Cimene ayang'ana ndi khama la galu pofuna mphotho yake. M'mphuno mwa galu muli timinyewa tomvera fungo toposa 200 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 6 miliyoni. Mu 2018 ofufuza a pa Durham University ku England anaonetsa kuti agalu ophunzitsidwa anatha kuzindikira masokosi 7 mwa 10 alionse obvalidwa ndi ana a ku Gambia amene anali ndi tizirombo ta malungo m'magazi. Ku America kuli agalu ophunzitsidwa kununkhiza nshawa m'cakudya, koma maphunziro ake atenga miyezi yambiri ndipo mtengo wake ndi madola zikwi zambiri. Ine ndalama zotere ndinalibe. Ndinali ndi nthawi, ndi ubwana wanga umene ndinathera posaka akalulu ndi agalu a atate.

Ndinasankha kagalu kacikuda ka miyezi isanu ndi umodzi, kakakazi, kofiirira, kamene kanali kosusuka koposa abale ake ndi kosaopa anthu. Coyamba ndinapita nako kwa alangizi a zoweta kukabayitsa katemera wa ciwewe ndi kulandira mankhwala a njoka za m'mimba, pakuti galu woyandikira ana ayenera kukhala wotetezedwa. Makolo athu anali kucha agalu maina olankhula ndi anansi, kuti poitana galu uthenga ufike kwa mwini wake popanda ndeu. Inenso ndinatsata mwambowo. Ndinamucha Funsani, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.

Zipangizo zanga zinali zitini zisanu zofanana, zotsukidwa bwino, zokhala ndi zibvundikilo zoboola ndi msomali. Botolo lotseka la nsinjiro, limene ndinali kusunga kukhola kutali ndi mwana. Ndi kapenta wouma m'thumba. Sabata zoyamba ndinali ndi citini cimodzi cokha. Galu akaika mphuno pa cibvundikilo, nthawi yomweyo ndinali kunena kuti "Eya!" ndi kumpatsa kapenta mmodzi. Mphotho ikacedwa, galu sadziwa cimene wayamikiridwa. Atazolowera, ndinayamba kudikira mpaka akhale pansi pambali pa citini, ndipo kukhala pansiko kunasanduka mau ake onena kuti nshawa irimo. Kenaka ndinaonjezera zitini zopanda kanthu, ndi zina za ufa, nyemba, tomato ndi mcere, ndi kumazisintha malo nthawi iriyonse. Maphunziro anali a mphindi zisanu kapena khumi, m'mamawa ndi madzulo, cifukwa galu wotopa kapena wopuma wefu-wefu ndi dzuwa sanunkhiza bwino. Sindinamkwapule ngakhale kamodzi. Galu woopa ndodo ayang'ana dzanja la mbuye wake, naiwala citini.

Pambuyo pa miyezi itatu tinafika pa zobvuta. Nshawa yaiwisi, yokazinga ndi yophikidwa m'ndiwo sizinunkha cimodzi-modzi, cotero ndinamphunzitsa iriyonse payokha. Ndinali kucepetsa nsinjiro pang'ono-pang'ono, kucokera pa supuni yodzaza kufikira kambiri kongotsina ndi zala, kosakaniza m'cibwabwa. Masiku ena zitini zonse zinali zopanda nshawa, ndipo akazinunkhiza zonse ndi kubwerera kwa ine osakhala pansi, anali kulandiranso kapenta wake. Phunziro limeneli ndi lofunika kwambiri, pakuti galu amene adziwa kuti kudya kwake kuli pa kukhala pansi adzakhala pansi pa citini ciriconse.

Cinanso cimene osaka akale anali kucidziwa ndi cakuti galu awerenga nkhope ya mbuye wake. Mu 2011 ofufuza a pa University of California ku Davis anayesa agalu 18 ofufuza mabomba ndi mankhwala ozunguza bongo. M'zipinda munalibe mabomba kapena mankhwalawo, koma owayendetsa anauzidwa kuti muli zinthu zobisika. Agaluwo anaonetsa kuti apeza kanthu nthawi zoposa 200, makamaka pamalo pamene eni ake anali kuganizira. Cifukwa ca ici, amake ana ndiwo anali kukonza zitini ine nditatembenuka, ndipo dzanja logwira nsinjiro silinali kugwira zitini zina lisanasambe. Kuona maso a nkhono nkudekha: panapita pafupifupi caka cathunthu ndisanamuyese pa cakudya ceni-ceni. Ngakhale pamenepo mphuno yake sinafike pa mbale. Tinali kutapa pang'ono m'ndiwo, kuika m'citini, ndi kupita naco kuseli kwa nyumba.

Mlandu unabwera tsiku lina m'nyengo yokolola. Amai ena acikulire, mnansi wathu wa zaka zambiri amene anali kudziwa bwino za mwanayo, anatitumizira mbale ya therere la mfutso, ndi uthenga wakuti sanatenderemo. Tinatapa monga mwa masiku onse, ndipo Funsani anakhala pansi. Tinabwereza ndi citini cina, anakhalanso pansi. Therere tinadya akulu-akulu, mwana tinampatsa nyemba. Koma kamnyamata kamene kanabweretsa mbale kanaona zonse, ndipo dzuwa lisanalowe amai aja anali pakhomo panga, milomo irikunjenjemera.

"Atate, zaka zonsezi tadyera mbale imodzi, lero ndiwo zanga zifike poyesedwa ndi galu? Mwandiyesa mfiti kodi?"

"Iai amai, khalani pansi tikambe. Ndiwo zanu tadya, ndipo zinali zokoma."

Koma iwo sanakhale. Anapita kukadandaula kwa anyakwawa, ndipo sindinawadabwe, pakuti kumudzi dzina la ufiti likakumamatira silicoka ndi sopo. M'mawa mwake tinaitanidwa pansi pa mtengo, anthu atadzaza. Nditapatsidwa mpata wolankhula, ndinapempha anyakwawa kuti alole galu ayankhe yekha. Ndinapereka zitini zisanu kwa amai odandaula aja kuti aike okha ndiwo za mitundu-mitundu, ndi katsinidwe ka nsinjiro m'citini cimodzi cimene afuna, ine ndiri kuseli kwa nkhokwe. Katatu anasintha zitini, ndipo katatu Funsani anakhala pansi pa citini ca nsinjiro. Kacinai, mwa nzeru zao, sanaikemo nsinjiro konse, ndipo galu ananunkhiza zonse nabwerera kwa ine. Anthu anaseka ndi kuomba m'manja. Anyakwawa anati, "Galu wamkota sakandira pacabe. Amai, kumbukirani bwino mmene munaphikira."

Amai aja anakhala cete kanthawi, kenaka anagwira pakamwa. M'mawa wa tsikulo anasinja nshawa za phala la adzukulu ao, ndipo masamba ouma a therere anawasinja mumtondo womwewo, atangoupukuta ndi dzanja. Iwo sananame, pakuti sanatendere, galunso sananame. Pamenepo mpongozi wanga anaimirira nafotokozera anthu zonse zimene adokotala anatiuza, za mtondo, mthiko ndi cipande, ndi za usiku uja wa njinga yamoto. Mau amenewa tinawanenapo kambiri-mbiri m'mbuyomo, koma tsiku limenelo ndi pamene anamveka. Anthu anaona ndi maso kuti cimene tiopa ndi cinthu cokhala ndi fungo, cimene ngakhale galu angacilondole, ndipo nkhani ya kulodza inathera pomwepo. Mlandu unatha ndi kugwirana canza. Lero amai omwe aja ndiwo aimirira pa maphikiro a pamaliro ndi kupatula mphika wa mwanayo, ndipo tsoka kwa mtsikana amene abvundula ndi mthiko wa mphika wina.

Tsono ndisanamize awerengi kuti galu ndi dokotala. Pa mayeso a pakhomo Funsani aphonya nthawi zina, makamaka ndiwo zikakhala za tsabola wambiri, kapena iye akakhala ndi cimfine, kapena akakhala pa nthawi yofuna amuna. Nsinjiro ingakhale mbali imodzi ya mbale, ife nkutapa mbali ina. Cotero lamulo lathu ndi ili: galu akakhala pansi, mwana sadya, galu akapanda kukhala pansi, tifunsabe amene anaphika, ndipo tikakayika mwana sadya. Galu aloledwa kuletsa cakudya, koma alibe mphamvu yobvomereza. Tikumbukirenso kuti iye acenjeza za cokhaco cimene anaphunzitsidwa. M'mwezi wa August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya zakudya za cimanga cokhala ndi aflatoxin, poizoni wocokera ku cuku. Mphuno zao zinali zakuthwa monga ya Funsani, koma palibe anawaphunzitsa kuopa cuku, ndipo anadya. Mwa njira yomweyo, galu wophunzira nshawa sadzanena kanthu za mazira kapena nsomba.

Ndiponso galu sapita ku sukulu, salowa m'chalichi, ndipo sangayende m'cikhamu ca anthu pa mwambo wa Chakwela Makumbi wa Asoli a kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kumene zakudya zogulitsa ziri mbali zonse. Kumalo otere mlonda wa mwana ndi pakamwa pake. Tinaleredwa ndi mwambo wakuti mwana alandira ndi manja awiri cimene wamkulu wampatsa, osafunsa. Mwambowo ndi wabwino, koma kwa mwana wotere tinauonjezera mau. Mdzukulu wanga agwada, alandira, ndipo anena kuti, "Zikomo amai, kodi muli nshawa umu? Thupi langa likana." Aphunzitsi ake adziwa zizindikilo, ndipo m'cola cake muli kakalata konena za matenda ake ndi cipatala cimene ciri pafupi. Eni njinga zamoto awiri a pamudzi pathu adziwa kuti tikagogoda usiku, za mtengo tidzakamba pobwera.

Kwa makolo amene mwana wao atupa milomo, abuka zidzolo kapena abanika atangodya cakudya cina, ndinena kuti pitani naye ku cipatala msanga, osadikira kuti kuce, ndipo mukauze anamwino cimene anadya ndi nthawi imene anadyera. Musayambe ndi kufunafuna amene wamlodza, pakuti mudzataya mnansi wosalakwa pamene cobvuta ciri mumtondo. Amene ali ndi galu wacangu ndi mtima wodekha angayese njira imene ndafotokozayi, malinga akumbukire malire ake. Koma pempho langa lalikulu lipita kwa inu nonse amene mulibe mwana wotere pakhomo. Tsiku lina mwana wa mlendo adzagwada pamaso panu ndi kufunsa zimene mwaika m'ndiwo. Musamuyese wamwano, ndipo musati akunyozani. Muuzeni zoona zonse, za mumphika ndi za mumtondo zomwe, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.